Kodi n'zoona kuti amayi a ku America ankagula Lysol ngati mankhwala a thupi lawo?

Nangozo_Ohio
Ndapereka moni kwa nonse, amayi ndi abambo a pagulu lino. Ndili ndi funso limene landisowetsa mtendere, ndipo ndikudziwa kuti pano pali anamwino ndi aphunzitsi amene angandithandize. M'tauni ina yaing'ono kuno ku Ohio muli sitolo yakale ya mankhwala imene inatsekedwa kalekale, koma anthu a m'deralo anaisunga mmene inalili kuti alendo aziiona. Pashelefu ya zinthu za amayi pali mabokosi a mapadi a Kotex ndi a Modess, malamba a lasitiki okhala ndi timapini, thumba la mphira lokhala ndi kapaipi katali, ndipo pakati pa zonsezo pali botolo la Lysol. Zinazo ndinazimvetsa, koma Lysol ndi mankhwala amene timakolopera pansi ndi kutsukira chimbudzi. Kodi amene anakonza shelefuyo anangosokoneza, kapena amayi ankagwiritsadi ntchito mankhwala amenewa pathupi pawo? Ngati n'zoona, madokotala ndi boma anali kuti? Ndikufunanso kudziwa mmene mayi ankagulira zinthu zoterezi m'sitolo imene wogulitsa wake anali mwamuna, mwinanso wopemphera naye tchalitchi chimodzi.

Mphunzitsi_Mbiri
A Nangozo, amene anakonza shelefuyo sanasokoneze ayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920 mpaka cha m'ma 1960, kampani ya Lehn & Fink, imene inkapanga Lysol ku America, inkalengeza m'magazini a amayi kuti azisungunula mankhwalawa m'madzi n'kumatsukira m'njira ya abambo. Thumba la mphira limene munaonalo ndicho chida chake, chifukwa ankalidzaza madziwo, kulikoloweka pamwamba, madzi n'kumatsika ndi kapaipiko. Zithunzi zotsatsira malondawo zinkaonetsa mkazi akulira, mwamuna atamufulatira kapena atamutsekera chitseko, ndipo mawu ake ankanena kuti banja likugwedezeka chifukwa mkaziyo sakudzisamalira.

Koma nkhani yeniyeni inali ya kulera. Mu 1873 dziko la America linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la Anthony Comstock, limene linaletsa kutumiza pa positi zipangizo zolerera ngakhalenso malangizo okhudza kulera, ndipo zigawo zambiri za dzikolo zinawonjezera malamulo awoawo okhwima. Choncho kampani sikanatha kulemba poyera kuti mankhwala ake amaletsa kutenga pakati. Inkangolemba za ukhondo wa amayi ndi za kupha tizilombo, ndipo mayi wapabanja aliyense ankamva chimene chikutanthauzidwa. Pofika mu 1940 kutsuka mkati kotereku ndiyo inali njira imene amayi ambiri a ku America ankadalira pofuna kupewa mimba, mpaka mapiritsi olerera atavomerezedwa mu 1960. Panalinso mankhwala ena otchuka otchedwa Zonite, a mtundu wa bulichi, amene ankagulitsidwa m'njira yomweyo.

Mai_a_Awiri
Thupi langa lachita tsemwe powerenga zimenezi. Kodi nanga zinkathandiza n'komwe kupewa mimbayo?

NesiWopuma
Sizinkathandiza, mayi. Mbewu ya abambo imafika pakhomo la chiberekero m'mphindi zochepa kwambiri, moti pamene mkazi akudzuka kuti akasungunule mankhwala, zoti zichitike zachitika kale. Kafukufuku wina wa mu 1933 anapeza kuti mwa amayi 507 amene ankadalira njira yotsuka mkatiyi, pafupifupi theka anatenga pakati.

Choopsa chachikulu chinali m'botolomo. Lysol wa nthawi imeneyo anali ndi cresol, poizoni amene amawotcha khungu, nanji mnofu wofewa wa mkati, ndipo akalowa m'magazi amawononga impso. Pofika mu 1911 madokotala anali atalemba kale za anthu 193 amene anavulazidwa ndi Lysol, komanso za amayi asanu amene anamwalira atatsuka nawo chiberekero. Kampaniyo inachotsa cresol mu 1952, patapita zaka zoposa makumi anayi chilembedwere imfa zimenezo. Ndikupempha achemwali nonse amene mukuwerenga kuti mumve bwino mfundo iyi, popeza ikutikhudza ndi lero lomwe. M'njira ya abambo mumakhala mabakiteriya abwino amene amasunga malowo ali owawasa pang'ono kuti tizilombo toipa tisaswane. Mukathiramo mankhwala opha tizilombo, sopo, kapena zitsamba zoumitsa, mumapha alonda amenewa, ndipo zotsatira zake ndi kuyabwa, chikazi chonunkha ndi matenda amene amatha kukwera mpaka m'machubu. Kusamba kunja ndi madzi oyera n'kokwanira.

Bambo_Chisale
Ndalowerera nkhani ya amayi, mundikhululukire. Ine ndikuona kuti tisafulumire kuloza chala kampani yokha. Amene anatseka pakamwa madokotala ndi aphungu opanga malamulo. Mayi wa ana asanu ndi awiri, mwamuna wake atachotsedwa ntchito pa nthawi ya mavuto a zachuma a m'ma 1930, akanapita kuti? Kampaniyo inangogulitsa pamene boma linasiya mpata.

Mai_a_Awiri
Bambo, lamulo linaletsa kunena zoona zokhudza kulera, koma silinalamule munthu aliyense kunama.

Mphunzitsi_Mbiri
Nonse awiri muli ndi mbali ya choonadi, koma pamfundo iyi ndili kumbali ya a Mai_a_Awiri. Zotsatsa za Lysol zinkaonetsa zithunzi za amayi amene ankati ndi madokotala otchuka a ku Ulaya, akuyamikira mankhwalawo. Bungwe la madokotala la American Medical Association litafufuza linapeza kuti ena mwa madokotala amenewo kunalibe. Umenewo sunali mpata wosiyidwa ndi boma, linali bodza lokonzedwa mwadala. Komabe a Chisale akunena zoona kuti lamulo ndilo linachititsa kuti bodzalo likhalitse, chifukwa mayi wopsa ndi mankhwala amene anagula mobisa, pa cholinga chimene sakanachitchula, sakanapita kukadandaula kulikonse. Khoti lalikulu la dzikolo linadzagamula mu 1965, pa mlandu wa Griswold, kuti anthu apabanja ali ndi ufulu wolera.

Nangozo_Ohio
Zikomo kwambiri, funso loyamba layankhidwa mokwanira ngakhale kuti yankho lake ndi lowawa. Latsala lachiwiri lija, la kagulidwe ka mapadi.

Mphunzitsi_Mbiri
Nkhani ya Kotex inayambira ku nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Kampani ya Kimberly-Clark, ya ku Neenah m'chigawo cha Wisconsin, inali yopanga mapepala, ndipo inapanga kuchokera ku mitengo chinthu chofewa chotchedwa Cellucotton, chimene chinkamwa magazi kuposa thonje komanso chinali chotsika mtengo. Ankachitumiza ku France kuti azimangira mabala a asilikali, ndipo anamwino a kumeneko anazindikira kuti chikuwathandiza iwo eni akakhala kumwezi. Nkhondo itatha mu 1918 kampaniyo inatsala ndi katundu wambiri wopanda msika, motero mu 1920 inayamba kugulitsa Kotex, ndipo mu 1921 inayamba kutsatsa m'magazini. Bokosi la mapadi 12 linali masenti 60, ndalama imene mkazi wogwira ntchito m'fakitale ankayamba waganiza kawiri asanaitulutse.

Vuto linali ndendende limene mwatchula. Eni masitolo ambiri ankabisa mabokosiwo kuseri kwa kauntala, ndipo amayi ankachita manyazi kuitanitsa. Njira imene inapezeka inali yokulunga mabokosi m'pepala losalembedwa kanthu, kuwaunjika pakauntala, n'kuika pambali kabokosi koponyamo ndalama. Mayi ankalowa, kuponya ndalama yake, kunyamula phukusi, n'kutuluka osalankhula ndi munthu. Kampani ya Johnson & Johnson, imene inkapanga Modess, inasindikiza m'magazini mu 1928 kapepala koti mayi adule ndi sizasi n'kukangopereka kwa wogulitsa, ndipo naye ankapereka bokosi lokulungakulunga popanda mawu. Kampani yomweyi inali itayesapo kale m'zaka za m'ma 1890 ndi mapadi otchedwa Lister's Towels, koma sanayende malonda chifukwa panalibe njira yovomerezeka yowatsatsira. Kampaniyi inalembanso ntchito Lillian Gilbreth, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito, amene mu 1927 anapereka lipoti la mayankho a amayi oposa 1,000, ambiri a iwo ophunzira m'makoleji. Iwo anati mapadi anali aakulu mopitirira muyezo moti ankachita kuwadula okha ndi sizasi, ndiponso kuti ankafuna bokosi losaonetsa chimene chili mkati.

NaPhiri_Birmingham
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino, koma musapereke ulemu wonse kwa Amereka. Kuno ku Birmingham, m'dziko la Britain, kampani ya Southall inkagulitsa kale mapadi otaya m'zaka za m'ma 1880, Kotex isanaganiziridwe n'komwe, ndipo kampani yomweyo ndi imene inadzayambitsa Lil-lets mu 1954, dzina limene abale athu a ku Johannesburg akulidziwa bwino. Ku Germany nakonso mapadi a Camelia, amene anayamba mu 1926, ankabwera ndi kapepala kopereka kwa wogulitsa kuti mayi asatsegule pakamwa.

Za malamba munaona aja, a Nangozo, ine ndinawagwirapo m'manja. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo gogo wina, pamene tinkalongedza katundu wake, anatulutsa lamba wake wakale m'kabokosi ka malata n'kundionetsa kavalidwe kake. Ndi kalasitiki kopyapyala kozungulira m'chiuno, kokhala ndi timichira tiwiri, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndipo kumapeto kwa kalikonse kuli kachitsulo kokowera. Padi ya Dr White's inali ndi timalupu kunsonga zonse ziwiri tokoloweka m'tizitsulomo. Gogoyo anati kachitsulo ka kumbuyo kankamutswa pafupa la msana akakhala pa benchi ya kusukulu, padi inkapotokera kumbali akamayenda, ndipo m'ntchafu munkanyuka. Mapadi omata pa kabudula wamkati, monga Stayfree, anadzafika cha m'ma 1970, ndipo m'zaka zochepa malamba anazimiririka m'masitolo.

Mtsikana_wa_Zomba
Ine ndikuona kuti kabokosi koponyamo ndalama ndi kapepala kaja zinali nzeru zabwino. Zinapatsa amayi mwayi wogula popanda kunyozeka, ndipo popanda zimenezo ambiri akanapitiriza kuchapa nsanza.

NaPhiri_Birmingham
Mng'ono wanga, zinathandizadi mayi amene anali pakauntala tsiku limenelo, koma zinaphunzitsanso mwana wake wamkazi kuti msambo ndi chinthu chosatchulika. Manyazi omwewo amene anagulitsa Kotex mwakachetechete ndi amene anagulitsa Lysol mwakachetechete. Pa wailesi ya kanema ku America kutsatsa zinthu zimenezi kunali koletsedwa mpaka 1972, ndipo mawu enieni otchula msambo anamveka koyamba m'zotsatsa za matamponi a Tampax mu 1985, kuchokera pakamwa pa wochita zisudzo Courteney Cox. Zimenezo ndi zaka 65 chiyambire Kotex.

Mtsikana_wa_Zomba
Sindikukana, achemwali, koma kampani sikanatha kuthetsa manyazi a mtundu wonse. Inachita chimene chinali chotheka pa nthawiyo.

Gogo_Nasimango
Ana anga, lamba mukumufotokozayo ife tinali naye wathu, kungoti sitinkagula m'sitolo. Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi kapena azakhali ankamupatsa nyanda, nsalu yong'ambidwa ku chitenje chakale, n'kumuonetsa kapindidwe kake ndi kakolowekedwe kake pa chingwe cha m'chiuno, kutsogolo ndi kumbuyo. Kuchapa sikunali kovuta, chovuta chinali kuyanika. Tinkalangizidwa kuti mwamuna asaione, ngakhale mlongo wako, choncho inkayanikidwa m'nyumba mumdima, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa, ndipo nyengo ya dzinja unkaivala isanaumitsitse. Amene tinapita kusukulu zogonera komweko tinadzayamba kugula thonje la m'sitolo tikapeza ndalama. Ndikamva kuti mzungu wa ku Ohio ankaponya ndalama m'kabokosi kuti asayang'anane ndi wogulitsa, ndikumumvetsa bwino lomwe.

Mai_a_Awiri
Agogo, mpaka lero paokala ena amakukulungira paketi m'nyuzipepala usanapemphe. Chabwino n'chakuti mu 2022 boma la Malawi linachotsa msonkho pa mapadi, ngakhale kuti mtengo wake ukadali wolemetsa kwa mtsikana wa kumudzi.

NesiWopuma
Nsalu payokha si yoipa, agogo, ndipo mapadi ochapa amene akusokedwa masiku ano ndi abwino. Chofunika ndi sopo, madzi oyera ndi dzuwa, chifukwa nsalu yonyowa ndi imene imasunga tizilombo.

Bambo_Chisale
Tibwerere kusitolo ija. Palibe amene watchula matamponi, chonsecho ndimamva kuti nawonso ndi akale.

Mphunzitsi_Mbiri
Ndi akale ndithu. Dokotala wina wa ku Denver, Earle Haas, anapanga tamponi ya thonje lopanikizidwa lokhala ndi kachingwe, yolowetsedwa ndi timachubu tiwiri ta pepala lolimba kuti mayi asagwire ndi zala. Anapempha chiphaso cha umwini wa luso lakelo mu 1931 ndipo anachilandira mu 1933, koma atalephera kukopa makampani akuluakulu anagulitsa zonse kwa mayi wamalonda, Gertrude Tendrich, pa madola 32,000. Mayiyu anayamba kusoka matamponi oyambirira kunyumba kwake pa makina osokera, ndipo mu 1936 matamponiwo, otchedwa Tampax, anayamba kutsatsidwa m'dziko lonse. Atsogoleri ena a mipingo ndi makolo ambiri anakana kuti atsikana osakwatiwa azigwiritsa ntchito, poopa kuti ziwononga unamwali wawo. Mu 1945 dokotala wa amayi Robert Latou Dickinson analemba m'magazini ya madokotala kuti mantha amenewo analibe maziko. Nthawi ya nkhondo yachiwiri, pamene amayi ambiri analowa ntchito m'mafakitale, malonda ake anakwera kwambiri. Ku Germany, tamponi ya o.b., imene ilibe timachubu, inatuluka mu 1950, ndipo pokonza kapangidwe kake anathandizapo dokotala wamkazi, Judith Esser.

NesiWopuma
Pamenepa ndiyenera kutchula Rely, chifukwa amene amasonkhanitsa mabokosi akale amalikonda bokosi limeneli osadziwa kuti lili ndi maliro kumbuyo kwake. Kampani ya Procter & Gamble inafalitsa tamponi imeneyi ku America konse mu 1978, itatumiza zoyeserera zaulere m'makomo ambirimbiri. Sinali ya thonje, koma ya timasiponji ta polyester ndi mankhwala ena okoka madzi kwambiri, moti amayi ankatha kukhala nayo nthawi yaitali osasintha. Mkati mwake mabakiteriya otchedwa Staphylococcus aureus ankapeza malo abwino oswanirana ndi kutulutsa poizoni wolowa m'magazi. Mtsikana wabwinobwino ankayamba kutentha thupi mwadzidzidzi, kusanza, kutsegula m'mimba, khungu kufiira, kuthamanga kwa magazi kutsika, kenako impso kusiya kugwira ntchito. Matendawa, a toxic shock syndrome, anagwira amayi oposa 800 okhala kumwezi mu 1980, ndipo 38 anamwalira. Bungwe la boma la America lofufuza za matenda, la CDC, litaonetsa kuti Rely ndiyo inkapezeka kwambiri mwa odwalawo, kampaniyo inaichotsa pamsika mu Sepitembala chaka chomwecho. Malamulo oti mabokosi onse azilemba mofanana kuchuluka kwa madzi amene tamponi imamwa anayamba kugwira ntchito mu 1990. Malangizo osintha tamponi pasanathe maola 8, ndiponso osankha yomwa pang'ono imene ingakukwanire, anachokera pa imfa zimenezi.

Bambo_Chisale
Apa ndiye kusiyana kukuoneka. Za Lysol zinatenga zaka makumi anayi, koma za Rely zinatenga miyezi yochepa boma litayamba kufufuza.

NaPhiri_Birmingham
Ndi chifukwa chakuti mu 1980 manyuzipepala anali atayamba kulemba za msambo patsamba loyamba, bambo, ndipo makolo a atsikanawo analankhula poyera.

Nangozo_Ohio
Pashelefu ya pafupi panalinso mabotolo okhala ndi nkhope ya gogo wina wovala kolala yoyera, dzina lake Lydia Pinkham. Kodi amenewo anali a chiyani?

Mphunzitsi_Mbiri
Amenewo anali akumwa. Lydia Pinkham, wa ku Lynn m'chigawo cha Massachusetts, anayamba kugulitsa mankhwala ake a zitsamba cha mu 1875, banja lake litagwa pa chuma. Ankati amathandiza cham'mimba cha msambo, kusabereka ndi mavuto a amayi osiya kusamba. Munali mizu yosiyanasiyana, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a botololo linali mowa, ndipo ena mwa ogula anali amayi odana ndi mowa. Chimene chinakopa amayi kwambiri ndi pempho lolembedwa pa zotsatsa lakuti alembere kalata Mayi Pinkham, ndi lonjezo lakuti mwamuna sadzaiwerenga. Pa nthawi imene madokotala pafupifupi onse anali amuna, makalata ankabwera ochuluka zedi. Mwini wakeyo anamwalira mu 1883, koma mayankho anapitirira kutuluka ngati kuti ali moyo, mpaka magazini ya Ladies' Home Journal inasindikiza chithunzi cha manda ake mu 1905. Chaka chotsatira, 1906, kunabwera lamulo la zakudya ndi mankhwala limene linakakamiza opanga mankhwala kulemba pabotolo ngati muli mowa.

Mtsikana_wa_Zomba
Komatu amayiwo ankalandira mayankho a mafunso amene sakanafunsa kwina kulikonse. Ngakhale wolembayo sanali Lydia, malangizo ena, monga a kudya bwino, kupuma ndi kumasula zovala zothina, anali othandiza.

Mai_a_Awiri
Anali othandiza, koma kalata iliyonse inkathera pa kugula botolo lina.

Dada_wa_ku_Atlanta
Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna kuwonjezera dzina limodzi limene simungalipeze pabokosi lililonse m'sitolo imeneyo. Mary Beatrice Davidson Kenner, mayi wachikuda wobadwira ku North Carolina mu 1912, anakonza lamba wa msambo wotha kumasula ndi kumanga molingana ndi chiuno, ndipo pambuyo pake anawonjezera kathumba kosalowa madzi kosungiramo padi kuti isasunthe ndi kudetsa zovala. Analandira chiphaso cha umwini mu 1956, atasunga ndalama zolipirira kwa zaka zambiri. Malinga ndi zimene iye mwini anafotokoza, kampani ina inachita chidwi n'kutumiza nthumwi kudzakambirana naye, koma nthumwiyo itaona kuti ndi munthu wakuda, kampaniyo inabwerera m'mbuyo. Sanapeze phindu pa luso limenelo, ngakhale kuti m'moyo wake analandira ziphaso zisanu. Tikumbukirenso kuti m'zigawo za kummwera masitolo ambiri a mankhwala a nthawi imeneyo sankalola munthu wakuda kukhala pa mipando ya pakauntala yodyera, choncho mayi wachikuda ankalowa m'sitolomo atasenza manyazi a msambo pamodzi ndi chipongwe cha tsankho.

Gogo_Nasimango
Nkhani ya mayi ameneyu yandikhudza mtima. Mdzukulu wanga anabwera ndi kakapu kofewa kamene anapatsidwa kusukulu, akuti kolowetsa mkati n'kumakatsuka. Kodi kameneka ndi katsopano, kapena nakonso kanali m'masitolo akalewo?

NaPhiri_Birmingham
Kanalimo, agogo, kungoti sikankakhalitsa pashelefu. Leona Chalmers, mayi wa ku America amene anali wochita zisudzo, analandira chiphaso cha kakapu ka msambo mu 1937. Kanali ka mphira wolimbirapo kuposa ka masiku ano, ndipo nkhondo yachiwiri itayamba mphira unasowa, ntchito yopanga n'kuima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kanabweranso ndi dzina lakuti Tassette, ndipo kampani yake inawononga ndalama zambiri potsatsa, mpaka kutumiza timakapu kwa anamwino kuti ayesere. Amayi ambiri sanafune chinthu chofunika kuchilowetsa ndi zala, kuchikhuthula ndi kuchitsuka, pamene anali atazolowera kutaya. Panalinso vuto la malonda, lakuti mayi wokhutira nako sankabweranso kudzagula kena kwa zaka zingapo. Kampaniyo inayesa kupanga kotaya kotchedwa Tassaway, koma inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kakapu ka mphira kanadzabweranso ku America mu 1987 ndi dzina lakuti The Keeper, ndipo ka silikoni, kofanana ndi kamene mdzukulu wanu wapatsidwa, kanayamba kugulitsidwa kuno ku Britain mu 2002 ndi dzina lakuti Mooncup.

NesiWopuma
Agogo, mumuuze mdzukuluyo kuti azisamba m'manja ndi sopo asanakagwire, azikakhuthula motsatira maola amene alembedwa pa malangizo ake, ndipo msambo ukatha azikawiritsa m'madzi kwa mphindi zisanu kapena khumi asanakasunge m'kathumba kake ka nsalu. Asakaviike m'bulichi kapena m'mankhwala aliwonse otsukira m'nyumba.